Maganizo Nawonso Amadwala, Ndipo Amachira

Pa chipatala chaching'ono cha Dzoole, monganso pa zipatala zina za m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, anthu amandanda pa mzere m'mamaŵa ndi timabuku tawo ta kuchipatala m'manja. Wina wabwera ndi malungo, wina ndi chifuŵa, wina wabereka mwana wotsekula m'mimba. Matenda ameneŵa munthu amawatchula poyera, ndipo abale ake amamuperekeza mopanda manyazi. Koma alipo matenda ena amene safika kaŵirikaŵiri pa mzerewo ngakhale kuti m'midzi alimo ndithu. Aŵa ndi matenda a maganizo. Munthu wodwala maganizo amabisidwa kuseri kwa nyumba, amanenedwa kuti walodzedwa kapena kuti adalakwitsa zizimba pofuna kukhwimira chuma, ndipo nthaŵi zina amamangidwa ndi chingwe pa mtengo ngati mbuzi.

Khalidwe limeneli liyenera kutha, chifukwa likutayitsa anthu amene akadachira. Maganizo ndi olumikizana ndi thupi. Amafooka thupi likafooka, amasokonezeka ndi njala, malungo, moŵa ndi chisoni, ndipo amabwerera m'chimake akalandira chithandizo choyenera. Ena amayesa kuti chiphunzitso chimenechi chidabwera ndi madokotala a masiku ano. Zoona zake n'zakuti asing'anga a ku India adachilemba m'mabuku zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo mbali ina ya chiphunzitsocho imamveka ngakhale m'kalankhulidwe ka Acheŵa. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. N'chinthu chanzeru kumva zimene asing'anga amenewo adaona, kutola zimene zili zoona, ndi kusiya zimene adalakwitsa.

Mafuwa atatu

Dziko la India si lachilendo kwenikweni kwa anthu a kuno. Achikulire amakumbukira masitolo a Amwenye amene adali m'timatauni ta kumidzi, boma lisadawalamule kusamukira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970. Masiku ano mankhwala ambiri amene amaperekedwa m'zipatala, kuphatikizapo ma ARV, amapangidwa m'mafakitale a ku India. Koma kalekale mafakitalewo asadamangidwe, dzikolo lidali ndi using'anga wakewake wotchedwa Ayurveda, dzina limene litanthauza chidziŵitso cha moyo. Limodzi mwa mabuku ake akuluakulu ndi Charaka Samhita, lolembedwa m'chinenero cha Sanskrit. Using'anga umenewu ulipobe, ndipo mu 2014 boma la India lidakhazikitsa unduna wapadera woyang'anira Ayurveda ndi njira zina zamakolo zochizira matenda.

Buku la Charaka limaphunzitsa kuti munthu wamoyo amaima pa zinthu zitatu, zimene ndi thupi, maganizo ndi mzimu, ndipo limayerekeza zinthuzi ndi ndodo zitatu zoyedzamirana. Mayi aliyense wa kwa Dzoole angamvetse msanga fanizoli poyang'ana pamene amaphikira. Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Limodzi likasendera, phala limatayika, ngakhale aŵiri otsalawo ali olimba. Momwemonso munthu amene maganizo ake asokonezeka ndi wodwala, ngakhale miyendo yake ili yamphamvu ndipo thupi lake silikutentha. Nayenso munthu amene thupi lake ladwala nthaŵi yaitali, maganizo ake sakhala pamtendere. Pa chifukwa chimenechi asing'anga a Ayurveda sadaike matenda a maganizo kunja kwa ntchito yawo. Misala adaitcha unmada, matenda akugwa, amene amatchedwanso khunyu, adawatcha apasmara, ndipo onse aŵiri adawafotokoza m'buku lomwelo limene limanena za kutentha thupi, chifuŵa ndi kutsekula m'mimba.

Kodi maganizo amakhala pati?

M'chinenero chawo maganizo amatchedwa manas. Charaka adaphunzitsa kuti malo a manas ndi mumtima. Buku lina lakale, Bhela Samhita, lidati malo ake ndi m'mutu. Kusiyana komweku kulimo m'Chicheŵa. Munthu akakwiya amati wapsa mtima, akaleka kuyembekezera zabwino amati wataya mtima, ndipo nkhaŵa ikatha amati mtima wakhala pansi. Koma munthu akayamba kulankhula zosamveka amati wazungulira mutu, kapena kuti mutu wake sukuyenda bwino. Makolo sadali kungolankhula. Iwo adaona kuti mantha amagunditsa mtima, chisoni chimalemetsa chifuŵa, ndipo nkhaŵa imachotsa chilakolako cha chakudya.

Lero madokotala akudziŵa kuti kuganiza, kukumbukira, mantha ndi chimwemwe zimachitikira mu ubongo, ndipo ubongo umalumikizana ndi mtima, m'mimba ndi ziŵalo zina kudzera m'mitsempha ndi m'magazi. N'chifukwa chake anthu ambiri odwala nkhaŵa amafika kuchipatala akudandaula za mtima wothamanga, mutu wosaleka, kutentha paliwombo, kuphwanya m'thupi ndi kusoŵa tulo. Akayezedwa, malungo sapezeka. Amabwerera kwawo ndi mankhwala opha ululu, ndipo patapita sabata abweranso ndi dandaulo lomwelo. Munthu wotereyu sakunama ayi. Ululu wake ndi weniweni, koma gwero lake ndi kuganiza kwambiri. Akafika pamaso pa achipatala ayenera kufotokoza zonse, ngakhale za ngongole ya feteleza, za mkangano wa m'banja, kapena za maliro amene sakuchoka m'maganizo mwake, pakuti zimenezi ndizo zimaloza nthendayo.

Madzi oyera ndi madzi ovundulidwa

Ayurveda imati maganizo ali ndi mikhalidwe itatu. Woyamba ndi sattva, ndiko kudekha ndi kuona zinthu monga momwe zilili. Wachiŵiri ndi rajas, ndiko kutekeseka, ukali, dyera ndi kusakhazikika. Wachitatu ndi tamas, ndiko kulemedwa, kuzizira kwa nzeru ndi kusafuna kuchita kanthu. Asing'angawo ankaona kuti rajas ndi tamas zikachuluka ndizo zimadwalitsa maganizo. Chitsime cha padambo chingathandize kumvetsa zimenezi. M'mamaŵa madzi ake amakhala oyera, ng'ombe zikaloŵamo amavunduka, ndipo akakhala nthaŵi yaitali osatungidwa amachita ndere. Madziwo ndi omwewo, chimene chasintha ndi mkhalidwe wawo.

Mikhalidwe imeneyi siyezeka ndi makina a kuchipatala, ndipo madokotala a lero saigwiritsa ntchito pofufuza matenda. Komabe muli phunziro lalikulu m'menemo. Asing'angawo adati mikhalidwe yonse itatu ili mwa munthu aliyense. Palibe mtundu wa anthu wotchedwa amisala, wolengedwa mosiyana ndi anthu ena. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaŵerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse adali ndi vuto la maganizo. Pa chiŵerengero chimenechi, m'mudzi wa anthu 400 mungapezeke anthu pafupifupi 50. Ambiri a iwo si amene amayenda ndi nsanza pamsika wa Mponela. Ndi mlimi amene wasiya kupita kumunda n'kumangogona, mayi amene wabereka kumene koma sakufuna kuyamwitsa, mnyamata amene wasiya kucheza ndi anzake. Amene amaseka wodwala akumbukire mau aja akuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Charaka adatchulanso chinthu china chimene adachiona ngati muzu wa matenda ambiri. Adachitcha prajnaparadha, ndiko kulakwira nzeru, kuchita chinthu munthu akudziŵa kuti n'chovulaza. Zitsanzo zake sizisoŵa m'dera la fodya ngati lino. Bambo amalandira ndalama za ku okushoni, n'kuzimaliza ku kachasu mwezi umodzi usadathe, ndipo pofika Januwale, nkhokwe ili mbee, manyazi ndi nkhaŵa zimamulanda tulo. Munthu amene wamwa moŵa kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kukomoka ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo amafunika chipatala msanga. Chamba nachonso chimaonjezera mpata wodwala misala, makamaka kwa amene ayamba kusuta ali achichepere. Chiphunzitso chimenechi n'chabwino ngati chenjezo kwa amene ali bwino. Koma chisasanduke ndodo yokwapulira wodwala, chifukwa anthu ambiri amadwala maganizo popanda kulakwa kulikonse.

Pamene thupi lidwalitsa maganizo

Asing'anga a Ayurveda ankafuna kudziŵa zimene wodwala amadya ndi m'mene amagonera. Pa mfundo imeneyi boma la Dowa lili ndi umboni wakewake. Lipoti la madokotala la mu 2017 lidanena za anthu 691 a m'dera la Kasese amene adadwala pelagra, nthenda yobwera chifukwa chosoŵa vitamini wotchedwa niacin. Nthendayi imagwira anthu amene amadya nsima ya chimanga tsiku ndi tsiku popanda ndiwo zokwanira. Khungu limada ndi kusupuka pakhosi ndi pamikono pamene dzuŵa limaomba, munthu amatsekula m'mimba, ndipo ikakula amaiŵalaiŵala ndi kusokonezeka mutu. Odwala a ku Kasese adathandizidwa ndi mapiritsi a vitamini ameneyu. Njira yopeŵera ili m'minda ya konkuno, pakuti mtedza, nyemba, soya, usipa, mazira ndi nyama zimateteza thupi ku nthendayi. Banja limene limagulitsa mtedza wonse osasiyako wakudya likudziika pangozi.

Matenda ena a m'thupi nawonso amafika ku ubongo. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala, chindoko chokhalitsa, kutsika kwa shuga m'magazi ndi kuvulala m'mutu, zonsezi zingachititse munthu kubwebweta, kulusa kapena kusazindikira abale ake. Munthu amene dzulo adali bwino koma lero wasokonezeka, makamaka ngati thupi likutentha kapena khosi lauma, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Kudikira kuti aone ngati ndi mizimu ndiko kumene kumatayitsa moyo.

Khunyu ndi nthenda ya mu ubongo, ndipo sipatsirana. Thovu la wodwala silidwalitsa munthu womugwira. Nthendayi imayamba chifukwa cha zinthu monga kuvutika pobadwa, malungo aakulu, kuvulala m'mutu, ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba. Malinga ndi WHO, anthu mpaka 7 mwa 10 alionse odwala khunyu angasiye kugwa ngati akumwa mankhwala oyenera mosadumphitsa. Zipsera za moto zimene zimaoneka pa matupi a odwala ambiri zikadapeŵeka anthu akadapanda kuthaŵa pamene mnzawo wagwa.

Njira zitatu zochizira

Charaka adagaŵa chithandizo m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la mapemphero, nsembe ndi zithumwa. Lachiŵiri ndi la mankhwala ndi zakudya zosankhidwa molingalira bwino. Lachitatu, lotchedwa sattvavajaya, ndi kuthandiza munthu kuchotsa maganizo ake pa zinthu zomuvulaza. Bukulo limatchula kuzindikira, kulimba mtima ndi kukumbukira ngati mankhwala a maganizo, ndipo limalangiza kuti munthu wosokonezeka chifukwa chotaya chinthu chimene ankachikonda atonthozedwe ndi mau abwino ndi kupatsidwa china chofanana nacho.

Pa za mankhwala pali mbiri yophunzitsa. Asing'anga a ku India ankapatsa odwala misala muzu wa chitsamba chotchedwa sarpagandha. Mu 1931 madokotala aŵiri a ku Calcutta, Gananath Sen ndi Kartick Chandra Bose, adalemba kuti muzuwo umakhazikitsa odwala misala ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Mu 1952 akatswiri a kampani ya Ciba ku Switzerland adatulutsa m'muzuwo mankhwala otchedwa reserpine, amene adagwiritsidwa ntchito m'zipatala za maiko ambiri. Chaka chomwecho madokotala a ku Paris adayamba kupereka chlorpromazine, mankhwala amene akuthandizabe odwala misala m'Malaŵi muno. Patapita nthaŵi reserpine adasiyidwa kwambiri chifukwa cha zovuta zimene ankabweretsa m'thupi. Mbiriyi ikuonetsa zinthu ziŵiri. Choyamba, asing'anga akale adaonadi chinthu choona. Chachiŵiri, muzu wamphamvu umafuna muyeso ndi kuuyang'anira. Mtengo wa mwimbi, umene umamera m'mbali mwa mitsinje m'dziko lino, ndi wa banja limodzi ndi sarpagandha, koma munthu wokumba mizu yake sangadziŵe kuchuluka kwa mphamvu imene ili m'kapu imodzi. Piritsi la kuchipatala lidayezedwa, ndipo namwino amadziŵa chochita likavuta.

Njira yachitatu ija, yochiza ndi mau, ndi imene midzi ya Acheŵa ili nayo kale. Maliro akagwa anthu amagona pakhomo pa ofedwa kuti asakhale okha. Banja likagwedezeka ankhoswe amakhala pansi. Mwinimbumba, anamkungwi, mafumu ndi akulu a mpingo onse ali ndi ntchito yolangiza. Kodi kulankhulana kotere kumachizadi? Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi adaphunzitsidwa kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kumvetsera anthu odwala kuganiza kwambiri, kumene Ashona amati kufungisisa, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi n'kupeza njira yolithetsera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adapeza kuti patapita miyezi 6, mwa anthu amene adakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo adali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha nthaŵi zonse adali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Chinsinsi cha agogowo chidali kumvetsera osadzudzula ndi kusunga chinsinsi cha wodwala. Apa ndi pamene uphungu wa kumudzi umaperewera nthaŵi zina. Bambo akanena kuti mtima wake walema amauzidwa kuti mwamuna salira, ndipo zimene mayi waulula kwa mnzake madzulo zimamveka pa mjigo m'maŵa mwake.

Zoyenera kuzisiya

Ulemu kwa akale sutanthauza kuvomereza zonse zimene adalemba. Buku lomwelo la Charaka limalangiza kuti wodwala misala wovuta amangidwe, atsekeredwe m'nyumba ya mdima, akwapulidwe, ndi kuopsezedwa ndi njoka zochotsedwa mano, poganiza kuti mantha adzabweza nzeru zake. Zimenezi sizichiza. Zimaonjezera mantha ndi zilonda, ndipo zimapha. Pa 6 Ogasiti 2001, ku Erwadi kumwera kwa India, moto udabuka pa malo ena osungirako odwala misala amene adabwera kudzapemphereredwa. Anthu 28 adafa chifukwa adali omangidwa ndi maunyolo ndipo sadathe kuthaŵa. Lamulo la India la mu 2017 lidaletsa kumanga odwala maganizo ndi unyolo m'njira ina iliyonse.

Dziko lino lidadutsanso m'njira yomweyo. Kuyambira mu 1910 odwala misala ankasungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba, ngati kuti kudwala ndi mlandu, mpaka chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Ngati maboma adazindikira kuti wodwala si mkaidi, nalonso banja liyenera kuzindikira chimodzimodzi. Chingwe pa mwendo wa munthu chimatseka magazi, chimabala zilonda, ndipo chimamuphunzitsa kuona abale ake ngati adani.

Chenjezo lina ndi la mankhwala a m'mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi m'masitolo, olembedwa kuti ndi achilengedwe ndipo amachiza zonse. Mu 2004 madokotala a ku Boston ku America adayeza mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda ogulitsidwa m'masitolo a kumeneko, ndipo 14 idapezeka ndi zitsulo zapoizoni monga mtovu. Zitsulo zimenezi zimaononga impso ndi ubongo womwewo umene munthu akufuna kuchiza. Dzina lakuti achilengedwe si chitsimikizo chakuti mankhwala ndi abwino.

Nanga za mizimu ndi ufiti?

Ena adzati achipatala amadziŵa za malungo, koma za mizimu ndi za anthu oipa sazidziŵa, choncho wodwala mutu ayenera kuyamba wapita kwa sing'anga kapena kumapemphero. Maganizo ameneŵa si a Acheŵa okha. Nawonso asing'anga a Ayurveda ankakhulupirira kuti misala ina imachokera kwa milungu ndi mizimu ya makolo, ndipo limodzi mwa magawo 8 a using'anga wawo lidali la zimenezi. Chikhulupiriro chimapatsa banja mphamvu pa nthaŵi ya mantha, ndipo palibe wachipatala amene amaletsa munthu kupemphera.

Vuto lili pa nthaŵi ndi pa zotsatira. Banja limagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga, kuyenda kwa sing'anga uyu ndi uyo kwa miyezi yambiri, n'kufika kuchipatala chuma chitatha ndipo nthenda itakhazikika. Madokotala adapeza kuti misala ikakhala nthaŵi yaitali yosalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutirapo. Kuombeza nakonso kumafuna munthu woti alozedwe chala, ndipo kaŵirikaŵiri chalacho chimagwera gogo wokalamba, amene mwina nayenso akudwala nthenda ya kuiŵala ya ukalamba n'kumavomera zinthu zimene sadachite. Lamulo la mu 1911 lidaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma chizoloŵezichi chapasula mabanja ambiri.

Njira yabwino ndi yogwirizana. Ku Nigeria, mu 1954, dokotala Thomas Adeoye Lambo adayamba kugoneka odwala maganizo m'midzi yozungulira chipatala cha Aro, aliyense pamodzi ndi mbale wake, ndipo adagwira ntchito limodzi ndi asing'anga a m'deralo pamene odwalawo ankalandira mankhwala a chipatala. Sing'anga kapena mtsogoleri wa mapemphero amene amafunira wodwala zabwino amadziŵika ndi zinthu zitatu. Samuuza kuti ataye mapiritsi, samumanga kapena kumumenya kapena kumumana chakudya, ndipo satchula munthu kuti ndiye wamulodza. Amene amachita chimodzi mwa zimenezi akuika moyo wa wodwala pachiswe, ndipo mafumu ayenera kumudzudzula.

Udindo wa banja ndi mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Wodwala maganizo kaŵirikaŵiri sadziŵa kuti akudwala, choncho amene amakhala naye ndiwo ayenera kuchitapo kanthu. Munthu aperekezedwe kuchipatala ngati aonetsa zizindikiro izi:

1. Kukhala wachisoni, kusoŵa tulo, kusafuna kudya kapena kugwira ntchito kwa masabata aŵiri kapena kuposerapo.

2. Kumva mau a anthu amene palibe, kulankhula yekha, kapena kukhulupirira popanda chifukwa kuti anthu akufuna kumupha.

3. Kusagona usiku wonse, kulankhula kosalekeza ndi kumwaza katundu mosaganizira.

4. Kugwa ndi kuphupha, ngakhale kamodzi kokha.

5. Mayi amene wabereka kumene kuyamba kulira kosalekeza, kukana mwana wake kapena kulankhula zosamveka.

6. Kunena za kudzipha, kutsanzika anthu kapena kugaŵa katundu wake mosayembekezereka.

Chizindikiro chomalizachi chisatengedwe ngati nthabwala. WHO imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse pa dziko lapansi. Kufunsa munthu mwaulemu ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula. Munthu wotere asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, a makoswe ndi zingwe zichotsedwe pafupi naye mpaka afike kwa achipatala.

Poyambira ndi pafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angathandize banja kufika pa chipatala chaching'ono. Achipatala akaona kuti nthendayo ndi yaikulu amatumiza wodwala ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi. Zipatala za St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, pamodzi ndi Zomba Mental, zimalandira amene afunika kugonekedwa. Koma odwala ambiri safunika kupita kutali. Amachira ali pakhomo pawo, akumwa mankhwala ndi kubwerera kuchipatala pa tsiku limene auzidwa.

Mankhwala a maganizo amafuna kudekha. A kukhumudwa amayamba kugwira ntchito patapita masabata angapo. A misala ndi a khunyu amamwedwa kwa miyezi kapena zaka, ndipo kuwasiya munthu atangoyamba kupeza bwino ndiko kumabweza nthenda. Ena amaumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja kapena kugonetsa kwambiri. Zikatero wodwala abwerere kwa achipatala kuti asinthe muyeso, osati kutaya mapiritsi kudzala. Pakhale munthu mmodzi m'banja wokumbutsa za mankhwala ndi kusunga kabuku ka kuchipatala.

Wochira abwezeredwe malo ake. Apatsidwe khasu alime ndi anzake, adye m'mbale imodzi ndi abale ake, aitanidwe ndi dzina lake, ndipo ana aletsedwe kumuponya miyala kapena kumuimba nyimbo zachipongwe. Pa bwalo la mfumu ndi pa zokambirana za m'banja mau ake amvedwe, pakuti akale omwe adati wamisala adaona nkhondo. Asing'anga a ku India adaona kalekale kuti maganizo ndi thupi zimadwalira limodzi ndipo zimachirira limodzi. Anthu a kwa Dzoole ali ndi zimene asing'angawo adalibe, zomwe ndi mankhwala oyezedwa, njira zoyezera magazi ndi chipatala chapafupi. Banja lililonse limene lili ndi wodwala wobisidwa m'nyumba limasule chingwe, limusambitse, limuveke bwino, ndipo limuperekeze kuchipatala sabata ino.